Kope Lomwe Ndinawotcha

Izi n'zoona ndithu, sindikupeka ayi. Linali Lachitatu la sabata yatha, ndikuchapa yunifolomu kuseri kwa nyumba, pomwe wakabaza anabweretsa kalata ya agogo anga aamuna. Agogowo maso anafooka, Chingerezi sachidziwa, ndiye anandiitana kuti ndiwawerengere. Inali yochokera kwa anthu a msonkho, yonena kuti mu akaunti yawo mumadutsa ndalama ngati za wabizinesi wamkulu, choncho abwera kudzafufuza.

Komatu ndalamazo si zawo. Asodzi amene amatha miyezi m'zimbowera, tinyumba toyandama pa nyanja ya Chilwa, amasungitsa ndalama kwa iwo chifukwa ndi munthu wa kumzikiti, wosadya za eni. Zawozawo n'zochepa, za mpunga wa zaka zambiri, zoti zidzawathandize khasu likadzawakanika. Ine ndi amene ndinkalemba m'kope kuti uje wasungitsa zakuti, uje watenga zakuti.

Nditamaliza kuwerenga, agogo anandinong'oneza kuti ndiwotche kopelo msangamsanga, ati boma likaona mayina a amphawiwo liwalanda maukonde. Ndinafuna kukana, koma mdzukulu angatsutse bwanji agogo ake akugwetsa misozi? Ndinaliponya pamoto.

Lolemba anabwera anthu a msonkho awiri, bambo ndi mayi, aulemu ndithu, mpaka anavula nsapato pakhonde. Mayiwo anafunsa mofatsa ngati pali pomwe tinalemba eni ndalamazo, ati pangopezeka ngakhale kapepala kothimbirira, nkhani itha tsiku lomwelo. Agogo anandiyang'ana, ine ndinayang'ana pansi. Bambowo anati popanda umboni zonse ziwerengedwa ngati phindu la agogo, ndipo msonkho wake ungameze ndi za mpunga zomwe. Anatipatsa masabata awiri.

Chichokereni alendowo agogo sakudya, akungondifunsa ngati kundende amalola nkhalamba kuswali.

Tsopano ndikukhulupirira kuti mantha atipweteka kuposa kalatayo. Inu amene mumawerengera makolo anu makalata, musawotche kanthu, ngakhale akulirireni chotani. Ine ndimachita manyazi ngakhale kukweza mkono m'kalasi, koma mawa kusukulu sindipita. Ndipalasa njinga mpaka ku Kachulu, ndikaime padoko, ndikagwadire msodzi aliyense wotsika m'bwato kuti abwere adzawauze a msonkho ndi pakamwa pake kuti ndalama zimene anasungitsazo n'zake.