Mayi Labala Agula Pensulo

Akulu anga agwira ntchito ku laibulale kuyambira ali mtsikana, moti dzina lawo lenileni anthu analiiwala kalekale. Aliyense amangoti Mayi Labala. Buku likabwezedwa amaliyendera tsamba ndi tsamba, akapeza kamzere ka pensulo amakafufuta uku akutsonya. "Anthu awa amaona ngati buku ndi khoma la chimbudzi," amatero. Ngakhale mwana wanga akalemba pachikuto cha buku lake lomwe, amakalipiridwa ngati waba nkhuku.

Kunali mdala wina amene ankabwera kumeneko, dalaivala wa basi wopuma ntchito. Anabwereka chibuku chachikulu cha nkhani ya banja lina, n'kumangowonjezera masiku osachimaliza. Tsiku lina mwana wake wamkazi anachibweza mosadziwa, atachiphatikiza ndi mabuku ake. Akulu anga atatsegula, mayo ine! Pensulo paliponse, m'mbali, pansi, pakati pa mizere. Anakwinya nkhope n'kuyamba ntchito, ndipo pofika masana bukulo linali mbee.

M'mawa mwake mdala uja anatulukira ndi mwana wakeyo. Akulu anga anali atakonzeka kale kumudzudzula. Koma iye anangotsegula bukulo, n'kutembenuza tsamba, linanso.

"Zapita kuti?" anafunsa.

Mwanayo anakokera akulu anga pambali n'kuwanong'oneza. Bambo ake anali atayamba kuiwala, ndipo adokotala anati zizingokulirakulira. Akagona, m'mawa sankadziwanso kuti m'nkhanimo uyu ndi ndani. Ndiye ankadzilembera okha kuti adzikumbutse, poti ankafunitsitsa kumaliza bukulo mutu usanawatherethu, adziwe ngati mayi wa m'nkhaniyo adzapeze mwana wake wosowa.

Tsiku limenelo akulu anga sanadye. Ndinayesa kuwatonthoza kuti ankangogwira ntchito yawo, koma anandilusira.

"Khala chete iwe! Ndinkawerengatu ndikamafufuta. Pena analemba kuti, 'Uyu anamwalira, usamudikire.' Ine ndinaseka, mng'ono wanga. Ndinaseka, n'kufufuta."

Anapempha mwana uja kuti awasiyire bukulo. Kenako munthu amene wakhala akudana ndi pensulo moyo wake wonse anakagula yake. Ankakhala pawindo n'kupendeketsa tsamba padzuwa kuti aone timizere tomwe pensulo ya mdalayo inadinda, n'kumadutsamo pang'onopang'ono. Pomwe sipankaoneka kanthu ankawerenga nkhaniyo okha n'kulemba: uyu ndi mlamu wake, uyu ndi wabodza, apa asamukira kutauni. Ine ndinkafuna kuwaseka, koma ndikaona nkhope yawo ndinkangozisiya.

Atamaliza anakalipereka okha kunyumba kwa mdalayo, ine nditawaperekeza. Tinamupeza atakhala pakhonde, ndipo sanawazindikire n'komwe. Anatsegula bukulo, n'kuyendetsa chala m'mbali mwa tsamba, nkhope yonse n'kuwala.

"Taonani mayi, kani ndimalemba bwino chonchi?"

Akulu anga anangogwedeza mutu, maso ali pansi. Mdalayo anayang'ana uku ndi uku, n'kuwasendera pafupi.

"Koma chonde, musakamuuze mayi wofufuta uja. Ndi wouma mtima ameneyo."

"Sindikamuuza, bambo," anatero akulu anga.