Achitsa ndi Mtengo wa Kumtsinje

Mayi wina wamasiye anayamba kuwaona bambo ena ake atagwada pachitsa m'mphepete mwa mtsinje, akupatulira mphukira. Anthu ankangowatcha Achitsa. Aliyense wodutsa ankamuimitsa n'kumuphunzitsa kuti azisiya mphukira ziwiri zamphamvu, mtengo ubwerere.

Chaka chimene denga la nyumba yake linagwa, mayiyo anadula mobisa mtengo umene bambowo anaulera zaka zisanu. Anaudulira pansi penipeni, n'kukwirirapo dothi kuti pasaoneke. Sunaphukenso, ndipo njira ya kumtsinje mayiyo anayamba kuilambalala.

Atamva kuti Achitsa ali kayakaya, anapita kukawazonda, koma asanayambe kupepesa, iwo anatsogola kulankhula.

"Mayi, mtengo uja sindinaudandaule," anatero bambowo chapansipansi. "Koma mukanandifunsa, ndikanakuonetsani podula. Muzisiya chitsa chofika m'mawondo."