Bulangete la Apampando

Apampando a komiti ya chitukuko m'dera lino sasunga kanthu. Akangomva kuti nyumba ya wina yapsa kapena denga lasasuka, amangoti, "Tiyeni tikaone," ndipo sapita chimanjamanja. Akazi awo akamva mawu amenewa amada nkhawa, chifukwa ndowa, mipando, ngakhale chitseko cha kubafa zinatuluka motero.

Tsiku limene anthu anasonkhana m'holo kuwathokoza apampandowa, mphatso inali bulangete lochindikala bwino. Apampando atangoitanidwa kutsogolo, akazi awo anadzambatuka n'kukalilandira okha.

"Bambowa musawapatse m'manja," anatero. "Silikafika kunyumba."

Anthu m'holomo anafa ndi phwete.

Pobwerera anadutsa pakhomo pa mayi wamasiye amene katundu wake anapita ndi madzi osefukira. Tiana take tinali tikuothera dzuwa pakhonde, tikunjenjemera. Apampando anangotsokomola, maso ali kumbali. Akazi awo anapitirira pang'ono, n'kuima, n'kubwerera kukalowa m'nyumbamo. Potuluka analibe kanthu m'manja.

"Musandiyang'ane choncho, bambo," anatero akupukuta m'maso. "Matenda anuwa mwandipatsira ndinu."