Ambulera Yopachika Chagada

Mayi Dragica Perkovic akhala pansi pa nthaka chikwatiwire. Nyumba yawo ku Coober Pedy, tawuni ya migodi m'chipululu, anaikumba m'mbali mwa kaphiri ndi amuna awo, malemu a Ante. Bambowo ankati akukulitsa chipinda, koma aliyense ankadziwa kuti akusaka miyala yamtengo wapatali ya opalo. Mwala sanaupeze, zipinda zokha ndi zomwe zinachuluka. Mayi Dragica anatsala ndi zipindazo, komanso ntchito yawo yochapa zofunda ku hotela.

Chipinda chilichonse chili ndi paipi ya mpweya yotulukira pamwamba pa phiri, yovindikira ndi kachipewa ka malata. M'paipimo mumagwabe fumbi ndi timiyala, ndiye monga achitira aliyense, iwo anapachika ambulera chagada pansi pa bowo la kuchipinda chogona kuti iziwakha zinyalalazo. Kwa iwo ntchito ya ambulera inali imeneyo basi. Loweruka ankaitsitsa, kuikutumula, n'kuibwezera.

Chaka chimenecho Januwale anabwera ndi ukali. Dzuwa la kuno silipeza mtengo woti liswe, ndiye limaswa anthu. Kale kukatentha masiku angapo, mphepo ya kummwera inkabwera kudzaziziritsa, koma ulendo uno sinaoneke. Masana alionse mitambo inkaunjikana yakuda bii, mabingu n'kugunda, mvula n'kumaoneka ikulendewera m'mwamba koma osafika pansi. Anthu anatopa n'kusiya kuyang'ana kumwamba. Tsiku lina akuchokera kuntchito, Mayi Dragica anangoona mdima pakhomo pa positi ofesi. Anatsitsimukira m'chipatala atawaika diripi.

Mwana wawo Zoran anabwera pa galimoto kuchokera ku mzinda wa Adelaide kudzawatenga. Anati mtima wawo sungapirirenso kutentha kotere, nyumba igulitsidwe. Iwo anakanitsitsa. Anati pansi pa nthaka sipatentha, sipazizira, ndipo za kumwamba sizilowa m'nyumba mwawo.

"Nanga kuntchito muzipita bwanji, amayi? Mukumba njira yapansi ngati mfuko?"

"Iwe unabadwira m'dzenje lomweli. Lero wayamba matama chifukwa kwanuko kuli mawindo?"

Zoran anati adikira mpaka Lamlungu, ndipo chikwama cha mayi ake anachiika poonekera, pafupi ndi chitseko.

Lachisanu masana Zoran atapita kukathira mafuta, Mayi Dragica anagona pang'ono. Pansipo za kunja sizimveka, ngakhale bingu. Anadzidzimuka dontho litawagwera pachipumi. Poyang'ana kudenga anaona ambulera itatupa ngati mimba ya ng'ombe, ikudontha kunsonga. Asanamvetse n'komwe, mawaya ake anapindika, madzi amatope ofiira n'kukhuthukira pabedi ponse.

Za mvula sizinawabwerere m'mutu. Kuno madzi akachokera kudenga, ndiye kuti paipi kapena thanki ya munthu yaphulika. Pamwamba pa phiri lawo pamakhala a Stelios, nkhalamba yachigiriki yokhala ndi thanki yadzimbiri ndi timatimati tawo tosabereka, ndipo awiriwa akhala akukangana zaka zambiri chifukwa cha galu. Chinawawawa kwambiri n'choti Zoran akapeza bedi lonyowa apeza ponenera. Anadzikulunga thaulo, n'kukwera kanjira ka kuchitseko akulalata kale.

Atatsegula anaima. Msewu unali mtsinje wofiira. Madzi ankatsika phiri lonse, ziphaliwali zikung'anima mbali zonse. A Stelios anali pamtunda atavala vesiti yokha, akutchera mapoto. Koma mawu anali atafika kale pakamwa, ndiye anatuluka momwemo.

"A Stelios, thanki yanu ija yaphulika, madzi ali pabedi panga."

"Thanki yanga ndi iyo, aneba," anatero akuloza kumwamba. "Kadandauleni kwa mwini wake."

Kenaka anatola kachipewa ka malata kamene kanakodwa pampanda wawo n'kukaonetsa. Anati mphepo inakachotsa pa paipi ya Mayi Dragica kalekale, iwo ankangoyesa chivindikiro cha poto wa munthu. Ataona mayiwo akunyowa anafunsa kuti ambulera yawo ili kuti.

"Ambulera ndi ya m'nyumba," anayankha, ndipo anadabwa kuona nkhalambayo ikuseka mpaka kugwira mawondo.

Mvula yake inali yofunda ngati madzi osamba. Nthaka inkatuluka nthunzi. Mayi Dragica sanadziwe kaya akondwere, kaya athamangire m'nyumba kukapulumutsa zinthu, kaya apitirize mkangano. Zoran anawapeza ataima pomwepo. Iye analowa m'nyumba, n'kutulutsa matiresi.

Mvula inaleka monga inayambira. M'mawa mwake dzuwa linabwerera ndi ukali womwe uja, koma tsopano mpweya unali wonyowa, wolemera. Matiresi anauma tiyi asanazizire. M'nyumba munkanunkha matope, makoma akuchita thukuta, chinthu chomwe sanachionepo chikhalire mmenemo. Mayi Dragica anakhala pakhomo nthawi yaitali: kunja kukuotcha, m'kati mukubanikitsa. Ankafuna wina woti amufunse kuti nyengo imeneyi ndi iti, koma yemwe akanadziwa anali a Ante.

Nkhani anaiyamba okha. Anauza Zoran kuti apita, koma mpaka Epulo basi, kukazizira abwerera. Nyumba sigulitsidwa. Kiyi asiyira a Stelios, ndipo iwowo amange kachipewa kaja ndi waya, galu wawo asalowe.

Lamlungu anawongola mawaya a ambulera n'kukwera pampando kuti aibwezere. Zoran anati aitenge, ku Adelaide mvula imagwa. Iwo anaima pampandopo ataigwira. Akaitenga, fumbi ligwera pabedi la a Ante. Akaisiya, mwina idzadzanso madzi iwo kulibe. Pomaliza anatsika, n'kuika beseni lochapira pakati pa bedi.

Ambulera anaitengera m'galimoto. Anaitsegula, n'kuigoneka pampando wakumbuyo, chagada.