Beseni la Amasulira

Saluni yawo inali kachipinda kamodzi m'mbali mwa msewu, pakati pa sitolo ya nsapato ndi kakhumbi ka wokonza mafoni. Munali mipando itatu, galasi lalitali lothothoka pakona, dulaya yakale youmitsira tsitsi yong'ung'udza tsiku lonse, ndi tivi yomangiriridwa ndi waya pamwamba pa shelefu ya mafuta. Tiviyo sinkadziwa nkhani kapena mpira. Kuyambira potsekula mpaka potseka inkangoonetsa mavidiyo a nyimbo, ndipo mwini saluni ankawamasulira, kaya mwawafunsa kaya simunawafunse. Dzina lawo lenileni linatayikira momwemo. Msewu wonse unkangoti Amasulira.

"Taonani apo," ankatero, zala zili m'tsitsi la munthu, chipeso atachiluma pakona pa mlomo. "Kamera ayiika pansi kuti mwamunayo aoneke chimphona. Mukakumana naye pamsewu ameneyo angokufikani m'khwapa."

Mvula ikayamba kugwa mu vidiyo, ankaloza ndi chibwano. "Si mvula iyo, ndi paipi. Mwamuna sangalire poyera, ndiye amulembera paipi kuti imulirire." Zithunzi zikatuwa ankati, "Umphawi uwo. Umphawi amauchotsa mitundu. Mitundu ikabwerera mudziwe kuti walemera, muona galimoto posachedwapa." Ndipo galimoto inkabweradi, amayi a mu dulaya n'kufa nazo nseko.

Koma phunziro lomwe ankalikonda koposa linali la sizasi. Ankati ufiti weniweni wa vidiyo suli pa kamera, uli pa munthu amene amadula ndi kulumikiza. "Onetsani nkhope ya mkazi wangoyang'ana, kenako muonetse khanda, anthu ati chikondi. Nkhope yomweyo, kenako muonetse nyumba ya mnzake, ati nsanje. Pamene mkaziyo ankangoganiza zoti nsapato ikumuthina!" Panali makasitomala ena amene tsitsi lawo likanatha kudikira sabata ina, koma ankabwerabe chifukwa cha pakamwa pa Amasulira.

Mwana analipo mmodzi, wosabala okha. Akulu awo atamwalira anasiya kamnyamata kongosiya kumene kuyamwa, bambo ake atazimirira kalekale. Nthawi imeneyo Amasulira anali pa chibwenzi chopita ku ukwati, ndipo mwamunayo ananena poyera kuti iye sangalere mwana wa mwini. Anamuonetsa khomo tsiku lomwelo, ndipo sanafunenso wina. Mwanayo anakulira mu saluni. Ankagona pa matawulo pansi pa shelefu, ankalembera za kusukulu pa tebulo la mankhwala a tsitsi, ndipo ankaimbira mu burashi kuyambira m'mawa mpaka makasitomala anamupatsa dzina lakuti Kawayilesi. Amayi opita kumsika ataona mmene mwanayo ankakulira, anayamba kusiya ana awo mu saluni, ndipo panalibe tsiku lomwe pansi panalibe kamwana kosewera ndi marola opiringira tsitsi. Kawayilesi ankawatchula kuti amayi, basi. Liwu lakuti aang'ono silinatulukepo m'kamwa mwake.

Atakula anayamba kujambulitsa tinyimbo, tina tabwino, tina tongosokosa. Amasulira ankamuseka kuti ndi makutu akewo anachita bwino kumvera akuluakulu amene anati ukaipa dziwa nyimbo. Koma foni yawo inkalira ndi nyimbo yake, ndipo kasitomala aliyense watsopano ankaimva asanasambitsidwe mutu. Dzina lake la pa siteji sankalitchula. Ankati limamveka ngati mankhwala a mphemvu.

Tsiku lina anafika akumwetulira mano onse. "Amayi, ndapeza anthu a vidiyo, a zenizeni. Nyimboyo ikunena za kumene ndinachokera. Ndikufuna tijambule muno, ndipo inu muonekemo."

Mayi anapenta chitseko. Anachapa makatani, anagula nyale yatsopano, anadziluka okha tsitsi mothandizidwa ndi magalasi awiri. M'mawa wa tsikulo anavala diresi lawo la ku maukwati. Wojambula atafika, mnyamata wa chipewa chotembenuza ndi ulemu wambiri, anawayang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi.

"Mami, mwatchena zedi, koma tikufuna inu weniweni. Valani epuloni yakale ija, mumange mpango."

"Nanga nyimbo yake ili kuti? Sitiimva?"

"Tidzaiika pambuyo. Inu muzingogwira ntchito yanu. Kamera musaiyang'ane."

Apa ndi pamene panandipweteka ine wokamba nkhaniyi. Munthu amene anaphunzitsa msewu wonse za sizasi, sanafunse n'komwe kuti nkhope yake adzailumikiza ndi chiyani. Koma ndani amafufuza m'thumba mwa mwana wake?

Wojambulayo anawapempha zinthu zing'onozing'ono. Poyamba anati alowetse ulusi mu singano yosokera wivi. Maso awo anali atayamba kufooka, choncho pochita zimenezi ankachita tsinya, mlomo n'kuukhwinyata. Kamera inayandikira nkhopeyo. Kenako anaona chizolowezi chawo cha tsiku ndi tsiku: akatsuka mutu wa munthu, ankanyamula beseni, n'kuima pakhomo, n'kumwaza madziwo pamsewu kuti fumbi ligone. "Chitaninso, mami! Mwamphamvu! Osaseka!" Anamwaza, anamwazanso, akudziluma mlomo kuti asaseke. Pomaliza anati atseke chitseko ngati akuweruka. Kawayilesi sanabwere tsikulo. Anati zake adzajambula saluni ili yotseka, kuopa kusokoneza makasitomala, ndipo mayi anayamikira kuti mwana ali ndi nzeru.

Tsiku loti vidiyo ituluka pa tivi, saluni inadzaza. Wa nsapato anatseka sitolo yake, wokonza mafoni anabwera ndi mpando wake. Amasulira anazimitsa dulaya, mutu wa mayi wina usanaume.

Chithunzi choyamba chinali chotuwa. Chitseko chawo chopentedwa chija chinaoneka ngati cha kundende. Kawayilesi anali atagwada pakhomo, atavala malaya ong'ambika, kachikwama kali pachifuwa. Kenako inabwera nkhope yawo, yodzaza tivi yonse, tsinya lili gwa, mlomo wokhwinyata. Singano panalibe, anaidula. Liwu la mwana wawo linkaimba kuti anandiuza sindine wake, anati ndikafune mayi anga kumanda. Beseni linakwera. Madzi anauluka pang'onopang'ono, dontho lililonse likuoneka. Chithunzi chotsatira, Kawayilesi ali chinyowere, thovu likutsika kumaso. Chitseko chinatsekeka. Ndiyeno mitundu inabwerera, kamera inatsika pansi, ndipo galimoto inabwera.

Nyimbo inatha. Mtsikana wina wobwera kumene, amene sankadziwa kanthu, anafuna kuchotsa manyazi a anthu.

"Amasulira, tatimasulirani."

Sanamasulire. Anayatsa dulaya, n'kubwerera ku mutu umene anausiya, ndipo anthu anatuluka mmodzimmodzi akuyang'ana mapazi awo.

Nyimboyo inagwira moto. Inali yokoma, limenelo ndiye linali tsoka lake. Inkalira m'minibasi, m'masitolo, m'mafoni a ana a sukulu. Anthu amene analeredwa mwankhanza ankalira nayo misozi yeniyeni, ndipo Amasulira sankawada, chifukwa ankadziwa kuti aliyense akuona beseni lake. Koma nkhope inali yawo. Mu minibasi mtsikana wina anatsina mnzake, "Mayi wa beseni uja!" Anyamata ankabwera kudzadzijambula atagwada pakhomo pa saluni. Wina analemba mawu oipa pa chitseko ndi msomali.

Zimenezo akanapirira. Ankadzilimbitsa mtima kuti a mumsewu muno anaona ndi maso awo mmene mwanayo anakulira. Koma vidiyo imabwera tsiku lililonse, pamene zakale sizibweranso kudzadziikira umboni. Kasitomala wawo wa zaka zambiri, amene anagwirapo Kawayilesi akudwala chikuku, anawafunsa motsitsa mawu, mutu uli mu sinki: "Koma anzanga, kunena zoona, panalibe tsiku lina lake? Paja amati utsi sufuka popanda moto." Ndipo amayi opita kumsika anasiya kusiya ana. Palibe ananena chifukwa. Ankangodutsa pakhomo, mwana atamugwira dzanja mwamphamvu, n'kupereka moni wa patali. Marola anakhala mu bokosi lawo mwaudongo, ndipo Amasulira ankadana nalo bokosi limenelo.

Anamuimbira foni Kawayilesi.

"Iwe, ndinakuthira madzi liti?"

"Aaa amayi, inunso? Ndi luso chabe. Nyimbo yopanda mdani siigwira, inu mumadziwa zimenezi kuposa aliyense."

"Mdaniyo anasowa mpaka utenge ine?"

"Tikanalemba munthu wina sizikanaoneka zenizeni. Nkhope yanu ili ndi mphamvu, aliyense akutero."

"Ndiye ukanene. Ukanene pa tivi pomwepo kuti sizinachitike."

"Ndinena, amayi. Andiitana sabata ino. Muonere."

Anaonera. Kawayilesi anakhala pa sofa yoyera, mawondo ali pamodzi ngati mwana wabwino. Mtolankhani anamufunsa funso lomwe dziko lonse linkafuna: kodi zimene zili mu vidiyoyi zinachitikadi? Mnyamata anayang'ana pansi. Kamera inayamba kuyandikira, kapiyano kanayamba kulira chapansipansi, ndipo Amasulira anadziwa zomwe zikubwera, pakuti kamera siyandikira munthu amene akufuna kuseka.

"Mayi anga anamwalira ndili khanda," anatero. "Ndinakulira m'manja mwa mayi wina wake. Zina sindingazinene pano. Koma ndinawakhululukira."

Anthu a mu situdiyo anaomba m'manja. Palibe bodza limene ananena loti ungaligwire ndi dzanja, ndipo zimenezo zinawawa kuposa bodza. Mayi wina wake! Amasulira anakwera pa mpando, anamasula waya uja, anatsitsa tivi n'kuitembenuzira kukhoma pansi pa shelefu, pamalo pomwe pankagona mwana. Kuyambira tsiku limenelo mu saluni munkangomveka dulaya ndi sizasi. Madzi a mu beseni anasiya kuwamwaza pamsewu. Ankawanyamula kudutsa kakhomo kakumbuyo kukawathira mu ngalande, ndipo fumbi linayamba kulowa mpaka pa galasi.

Patapita nthawi, masana ena dzuwa likuswa mtengo, galimoto inaima pakhomo. Anatsika Kawayilesi ndi wojambula wa chipewa uja. Amasulira anali atangotsuka mutu wa kasitomala, beseni lodzaza thovu lili m'manja. Mtima wawo, wopusa ngati wa mayi aliyense, unadumpha ndi chimwemwe. Anaganiza kuti mwana wabwera kudzapepesa.

"Amayi, tabwera ndi nkhani yabwino," anatero Kawayilesi ataima pakhomo penipeni. "Ndamva mmene anthu akukuvutitsirani. Tapeza njira yoyeretsera dzina lanu."

Wachipewa anapitiriza, manja akujambula m'malere. "Anthu akufuna mathero, mami. Vidiyo yachiwiri. Inu mukubwera pa geti pa nyumba yake, mwatopa, mwakalamba pang'ono. Mugwada. Iye akutuluka, akudzutsani, akukumbatirani. Mitundu yonse, dzuwa kumbuyo. Dziko lonse lilira, ndipo aliyense akukondani."

"Ndigwade," anatero Amasulira pang'onopang'ono. "Ndipepese chiyani?"

"Simulankhula kanthu, amayi. Nyimbo ndi imene ilankhule," anatero Kawayilesi.

Mikono yawo inkaidziwa ntchito imeneyi popanda kuuzidwa. Phazi limodzi kutsogolo, chiuno kupotoka, beseni kukwera. Kawayilesi anali ataima pamalo enieni pomwe madzi ankagwera zaka zonsezi, malaya ake oyera mbee, ndipo mwa anthu onse a padziko panalibe amene ankayenera kunyowa kuposa iye. Madzi anagwedezeka mpaka m'mphepete mwa beseni.

Ndipo anaona foni. Wachipewa anali ataigwira m'munsi, cha pa lamba, diso lake litaloza m'mwamba kwa iwo. Kutsidya kwa msewu anthu anali atazindikira galimoto, ndipo mafoni ena anali atakwera kale. Amasulira anaiona vidiyo yonse isanajambulidwe: kamera pansi, madzi pang'onopang'ono, mitundu itachotsedwa. Ulendo uno sipakanafunika ngakhale sizasi.

Anatembenuka. Anadutsa pakati pa mipando, anakankha kakhomo kakumbuyo ndi phewa, anawerama pa ngalande n'kukhuthula madziwo mosamala, kuti lisadumphe ngakhale dontho. Anatsuka beseni, analipukuta, n'kubwerera.

Kawayilesi anali chiimire. "Amayi?"

Anamuyang'ana ndi nkhope yosalala, yopanda tsinya, yoti munthu sangailumikize ndi chilichonse.

"Pepani bambo," anatero mwaulemu wonse. "Tsitsi la amuna sitimeta muno. Mupite chakutsogoloko."

Anatenga thawulo n'kuyamba kupukuta mutu wa kasitomala wawo. Awiri aja anaima pakhomopo kanthawi ndithu, mphepo ikulowetsa fumbi pakati pa miyendo yawo. Amasulira ankafunitsitsa kutseka chitseko, koma sanatseke. Nachonso anali atawalanda.