Miseche ya komiti inafikira kwa malemu amuna anga

Lachinayi lapitali, 10 koloko itangokwana, ndikuyanika zovala, foni inalira. Anali Tadala, mdzukulu wanga: "Agogo, holo ija atipatsa." Ndinakhala pansi, zovala zonyowa zili pamiyendo. Ndinaimba nyimbo, ndinaimba, mpaka mawu kusasa. Koma musanandisangalalire, abale anga a pagulu pano, imvani kaye mmene a komiti ya buloko yathu ya nyumba zosanjikizana kunja kuno ku Thamesmead anandizunzira. Masabata asanu ndi limodzi. Chifukwa cha holo imene ili pansi pa nyumba yanga yomwe.

Ndinapita ku ofesi yawo Lolemba 9 koloko kukapempha holo yochitiramo chinkhoswe cha Tadala. Mayi wa pawindo anatulutsa fomu, n'kufunsa kuti tikachitamo chiyani. Ine ndi Chingelezi changa cha m'basi ndinafotokoza monyadira: ankhoswe adzasinthana nkhuku, akuchimuna adzabweretsa khasu ndi nkhwangwa, ife tidzapereka mphika ndi lichero. Analemba. Akuti komiti idzandiyankha pa imelo.

Imelo? Ine? Dzina langa lomwe ndimalemba mopumira pakati.

Sabata inatha, zii. Ndinabwerera, akuti dikirani. Ndinabwereranso, akuti dikiranibe. Ulendo wachinayi, 9:20 m'mawa, akuti komiti yakana. Ndinafunsa kuti inakumana liti, poti ndimadutsa pa holopo tsiku ndi tsiku, mipando ili chisanjikizire. Akuti masiku ano sakumana, amangogwirizana pa imelo. Nanga akaniranji? Akuti chimenecho n'chinsinsi cha komiti.

Tadala anafooka. Anayamba kunena zoti chinkhoswe chikhale, angokasayina ku boma basi. Mwana wa mwana wanga alowe m'banja wopanda ankhoswe? Tsiku lodzayambana ndi mwamuna wake adzathamangira kwa yani, kwa imelo?

Tsono mverani. Amuna anga, malemu a Kachingwe, anali m'komiti yomweyo. Anatisiya zaka zitatu zapitazo. A komiti pamaliro anabwera, anadya, anapepesa, koma dzina la malemu pa mndandanda wa imelo sanalifufute. Tabuleti yawo ndimaitchajabe, muli nyimbo zawo za kwaya. Masabata onsewa inkangoti ting, ting, m'kabati. Lamulungu Tadala anaitsegula kuti aone chavuta n'chiyani. Anawerenga, n'kugwira pakamwa.

Makalata khumi ndi anayi, onse onena ine. Wapampando analemba kuti gogo wa nambala 42 akufuna kuphera nkhuku mu holo ndi nkhwangwa. Wina anayankha kuti mwina n'zaufiti. Wina anawonjezera kuti mutu wa gogoyu unasokonekera chimwalirire mwamuna wake, akuti anandionapo ndi maso ake kuchipatala. Kundijeda kwa amuna anga enieni! Nkhuku yake yowotcha, yogula ku Woolwich. Nkhwangwa yake yosema, yamtengo, yoti singadule ndi buledi yemwe. Kugogoda pakhomo panga n'kundifunsa kunali kolemera bwanji? Lifiti inafa?

Mayi Mbewe a kutchalitchi kwathu, aja anakulira ku Zimbabwe, ali ndi mwana loya, dzina lake Chisomo. Anawerenga zonse n'kupukusa mutu. Anati malamulo a buloko yathu omwe amanena kuti nkhani yotere igamulidwe pa mitingi, anthu atakhala pansi, zilembedwe m'buku, ndiye zija za pa imelo si chigamulo ayi. Anatinso chilichonse chimene a komiti analemba chonena za ine ndili ndi ufulu wochiitanitsa, ndipo cholembedwa sichiuma ngati malovu, khoti limachiwerenga. Anawalembera kalata imodzi. Imodzi yokha.

Lachitatu mipando ija inatsika. Mitingi imene inakanika masabata asanu ndi limodzi inatheka tsiku limodzi. M'mawa mwake, holo.

Wapampando ndinakumana naye pa lifiti, maso ali pa nsapato. Akuti panali kusamvetsetsana pang'ono.

Ndinati, "Bambo, kapepeseni kwa a Kachingwe. Ndi amene munkawalembera."

Ndikudikirabe uja anati mutu wanga unasokonekera. Nambala 42 sinasamuke, abwere adzanene pamaso panga. Ndipo inu a m'makomiti, a nyumba, a tchalitchi, a maliro, nkhani ya munthu muziikamba mutakhala pansi, mwini wake ali pomwepo. Onaninso mndandanda wanuwo, mwina mukulembera akumanda.

Dzulo Loweruka nkhuku inasinthidwa, nkhwangwa inaperekedwa, palibe amene anatemedwa. Tadala ali ndi ankhoswe, ali nawo, ali nawo mwana wanga. Nthungululu inakwera mpaka nyumba yomaliza ya pamwamba. Anabwera Mayi Mbewe ndi Chisomo wawo, anabwera a Gondwe a ku Tottenham ndi akazi awo, a Nachisale ndi ndodo yawo, a Zulu a ku Zambia, Mayi Kalua ndi ana awo atatu, Limbani mwini mkazi ndi amalume ake a Mwale, Tadala wanga, ine Nangozo, ndi pampando wakutsogolo, tabuleti ikuimba kwaya, a Kachingwe.