Tsiku Limene Ine ndi Alini Tinakana Kukhala Pansi

Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu pamene kwathu ku Burundi kunasankhidwa mtsogoleri watsopano, nkhondo itazizira. Ndikuti kwathu, koma dzikolo ndinalisiya ndili kamwana. Chimene ndinkakumbukira ndi phiri lodzaza nthochi, nkhungu ya m'mawa, ndi msana wa amayi utanyowa thukuta pamene ankathamanga atandibereka. Bambo sanathawe nafe. Anaphedwa pakhomo pathu pomwepo, ndipo amayi nkhaniyi ankailekezera pamenepa nthawi zonse.

Tinakhala zaka zingapo ku msasa wa othawa nkhondo ku Dowa, kenako amayi anatsikira nane ku Nkhotakota kukayamba geni ya mpunga. Ankapikula kwa alimi a ku Chia ndi ku Bua, n'kumagulitsa pamsika poyeza m'mbale. Chichewa changa chinakhwimira pamenepo, pakati pa matumba a mpunga ndi fungo la usipa wouma, mpaka alendo sankakhulupirira kuti sindine mbadwa. Koma odziwa ankadziwa. Dzina langa ndi Odeta, koma kusukulu ndi pamsika ndinali Mburundi basi.

Moyang'anizana ndi benchi ya amayi panali mayi wina wochokeranso kwathu, amake Alini. Anthu a ku Nkhotakota ankationa ngati banja limodzi, osadziwa kuti tinali a mitundu iwiri imene inkaphana pankhondoyo. Amayi ankati a mtundu wa amake Alini ndi amene anapha bambo. Amake Alini nawo anataya ana awiri aamuna, ndipo ankati anaphedwa ndi a mtundu wathu. Azimayi awiriwa ankaswera moyang'anizana, kuingitsa ntchentche zomwezo, kupsa ndi dzuwa lomwelo, koma osapatsana moni. Mwana wawo wamkazi, Alini, tinali naye m'kalasi imodzi, Fomu 2. Amayi anandiletsa kuyenda naye, ndipo ndinkamvera.

Nkhani ya chisankho tinaimva pa wailesi ya telala wina wa pamsika. Mtsogoleri watsopanoyo ankalonjeza kuti mitundu yonse idzakhala pamodzi m'boma ndi m'gulu la asilikali, ndipo amene anathawa abwerere. Ndinathamangira kwa amayi kukawauza.

"Ndaonapo atsogoleri akulumbira, Odeta," anatero osadzutsa mutu. "Onse amalumbira bwino. Yeza mpunga, kasitomala akudikira."

Mawa lake pa buleki, Alini anandipeza pampopi wa kusukulu. Anayang'ana uku ndi uku, kenako anandifunsa m'chinenero chathu ngati ndamva. Aka kanali koyamba kumva chinenerochi m'kamwa mwa munthu wina kupatula amayi kuchokera pamene tinachoka ku Dowa. Ndinaiwala lamulo la amayi. Tinakakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa makalasi, n'kuyamba kumanga dziko lathu ndi pakamwa.

Alini ankafuna kudzakhala dokotala kumudzi kwa amayi ake, kumene ankati azimayi amaberekera m'njira chifukwa chipatala chili kutali. Ine ndinkafuna kudzakhala woweruza milandu, komanso kukaona pamene anaika bambo. Tinkatsutsana kuti mtsogoleriyo ayambe chiyani, kuchotsa asilikali m'misewu kapena kutsegula sukulu. Tinkatsutsana ndi mtima wonse, ngati kuti iye akudikira kuti timuuze. Ndikaganiza lero ndimaona kuti dzikolo sitinkalidziwa n'komwe. Tinkangolumikiza zidutswa za zimene makolo athu ankatchula mwangozi. Koma kwa nthawi yoyamba tinali ndi kwathu kotchula popanda manyazi.

Patapita masiku angapo, aphunzitsi athu a Kamwendo analowa m'kalasi atanyamula nyuzipepala. Anali munthu wanthabwala, wokondedwa ndi ana ambiri, koma nthabwala zawo zinkafuna munthu woti zimugwere.

"Maburundi athu awiri, taimirirani."

Tinaimirira, ine kutsogolo, Alini pafupi ndi windo.

"Ndawerenga kuti kwanu mwasankha wina. Kalasi, tipereke miyezi ingati asanayambirenso? Anthu awa musawaone kufatsa, kuphana kuli m'magazi mwawo." Ana ena anaseka, ena anangoweramitsa mitu. A Kamwendo anapinda nyuzipepala. "Chabwino, khalani pansi."

Sindinakhale. Nditacheuka ndinaona kuti Alini nayenso waima chilili.

"Ndati khalani pansi."

"Aphunzitsi, tikhala mukabweza mawu amenewo," ndinatero. Mawu anga anatuluka aang'ono, koma kalasi yonse inawamva.

Alini anawonjezera modekha: "Ine ndi Odeta ndife a mitundu iwiri imene mukuinenayo. Takhala m'kalasi muno chaka chonse. Ndani wapha mnzake?"

Kuseka kunatheratu. A Kamwendo anatilamula kutuluka, ife osasuntha. Anayesa kuyamba phunziro, koma palibe amene ankayang'ana pa bolodi. Pomaliza anatuma mwana kukaitana ahedi. Ahedi sanafunse zambiri. Anati chilango cha kusamvera ndi kukumba dzenje la zinyalala, ndipo mawa tibwere ndi makolo kuti tidzapepese kwa aphunzitsi pamaso pawo.

Dothi la kuseri kwa sukuluyo linali lamchenga. Tikakumba, m'mbali munkagumuka, ndipo mwera unkabwezera fumbi m'maso ndi m'kamwa. Khasu linali limodzi, choncho tinkasinthana, wina akukumba wina akukokolola ndi chidebe chobooka. Pofika nthawi yoweruka m'manja mwanga munali matuza, ndipo dzenje linali lisanafike m'mawondo. Mnzathu wina, Mariamu, mwana wa msodzi, anatibweretsera madzi m'botolo ndi chinangwa chophika. Anangosiya n'kubwerera.

Ndinkaganiza kuti amayi andikalipira chifukwa choyankha aphunzitsi. Anandikalipiradi, ndipo anali ndi chifukwa. Malo athu ovomerezeka anali kumsasa, ndipo ku Nkhotakota tinkakhala chifukwa anthu ankatilekerera.

"Mlendo sakweza mawu," anatero akupeta mpunga pakhonde. "Ahedi akangotchula dzina lathu kuboma, tibwerera ku Dowa ndi mphasa pamutu. Ukufuna zimenezo?"

Koma chimene chinawapweteka kwenikweni chinatuluka pambuyo. Anaika lichero pansi.

"Mwa ana onse a m'kalasimo, unasankha kuima ndi ameneyo? Ukudziwa amene anapha abambo ako?"

"Alini sanaphe munthu, amayi. Anali pamsana ngati ine."

"Usandiyankhe."

"Ngati sindingathe kuima naye kuno ku Nkhotakota, kwathu tikaima bwanji? Mtsogoleriyo akatigawira dziko pawiri kuti tisamaonane?"

Ndinadikira mbama. Siinabwere. Amayi anatola lichero n'kupitiriza kupeta mpunga umene unali woyera kale, ndipo tsiku limenelo sanandilankhulenso.

M'mawa mwake panja pa ofesi ya ahedi panali benchi imodzi yokha. Amayi anakhala kumapeto uku, amake Alini kumapeto uko, ife ana titaima pakati. Titalowa, tinapeza a Kamwendo atakhala kale. Ahedi anafotokoza mlandu, nati tikapepesa nkhani yatha. A Kamwendo anamwetulira.

"Amayi, ine ndimangocheza nawo anawa. Komanso sindinaname. Dziko lonse likudziwa zimene zimachitika kwanu."

Amake Alini anatsegula pakamwa. Chichewa chawo chinali cha pamsika, chongokwanira kutchula mtengo ndi kuthokoza. Anayesa mawu awiri atatu, anakakamira, kenako anangomasuka m'chinenero chathu, akuyang'ana a Kamwendo m'maso. Ahedi anafunsa kuti ndani amasulire. Ndinati ndiyambe, koma amayi anandigwira dzanja.

"Akuti ana awo awiri ali m'nthaka," anatero amayi. "Akuti wamkulu ankaweta mbuzi, wamng'ono anali asanayambe sukulu. Akuti si magazi awo amene anawapha. Anawapha ndi anthu, anthu okhala ndi mayina, amene anachita kusankha."

Apa mawu a amayi anadukiza. Ankadziwa bwino kuti anthu akutchulidwawo ndi a mtundu wathu. Komabe anamasulira mpaka kumapeto, osachotsa kanthu. Atatha anawonjezera awoawo.

"Ahedi, ine mwamuna wanga anaphedwanso. Ngati kupha kuli m'magazi, bwenzi ine ndi mayi awa titamalizana kale pamsika paja. Anawa anakana kumvera, dzenje amalize. Koma kupepesa ayi. Wanga sapepesa."

Amake Alini anamva mawu omalizawo, ndipo anawabwereza m'Chichewa chawo chothyoka: "Wanga sapepesa."

Ahedi anasisita chibwano. Kenako anati timalize dzenje, ndipo za kupepesa sanazitchulenso. A Kamwendo sanabweze mawu awo, tsiku limenelo kapena lina lililonse. Anangosiya kutiitana m'kalasi, ngakhale tikweze dzanja chotani. Dzenje tinalimaliza, ndipo linatuluka lakuya kuposa limene anatiuza, chifukwa tinakumba ndi mkwiyo.

Ndisaname kuti azimayi awiriwo anasanduka mabwenzi. Sanadyerepo m'mbale imodzi. Koma wina akachoka pabenchi, mnzake ankamuyang'anira mpunga, ndipo amayi sanandiletsenso kupita kwa Alini.

Titamaliza Fomu 4, Alini ndi amayi ake anabwerera kwathu. Amayi anga anakana, nati adikire aone kaye. Zaka zoyamba nkhani zinali zabwino, ndipo ndinkawadandaulira kuti atichedwetsa. Kenako zinthu zinayamba kupotoka. Malonjezo ambiri anafota, mantha anabwerera, ndipo anthu anayambanso kuwoloka malire ndi katundu pamutu. Alini anathawa kachiwiri, ulendo uno iye ndi amene anabereka mwana kumsana. Udokotala sanaufike, koma amathandiza azimayi oyembekezera kumsasa kumene ali. Ine ndinakwatiwa ku Mwadzama, m'boma lomweli la Nkhotakota, ndipo manda a bambo sindinawaonebe.

Chaka chatha ndinakumana ndi a Kamwendo pa siteji ya minibasi, atakalamba, akuyenda ndi ndodo. Anandizindikira.

"Odeta, suja ndinanena? Zinatha bwanji kwanu kuja?"

Ndinawapatsa moni mwaulemu, ndinawathandiza kukwera, ndipo ndinawayankha: "Sizinathe, aphunzitsi. Ndipo mawu aja simunabwezebe."

Amayi ananena zoona za atsogoleri, ndipo ndinachedwa kuzimvetsa. Ine ndi Alini tinasenzetsa munthu mmodzi mtolo umene munthu mmodzi sangausenze. Koma a Kamwendo sananene zoona za ife. Munthu amene amalosera zoipa za dziko la anzake savutika, amangokhala pansi n'kudikira, ndipo zikachitika amadzitcha wanzeru. Ife tinalakwitsa za mtsogoleri, koma sitinalakwitse kuyembekezera. Chiyembekezo chimenecho ndi chimene chinachititsa mkazi wamasiye kumasulira kulira kwa mdani wake mawu ndi mawu, popanda mtsogoleri aliyense kumulamula.

Ana anga ndi Amalawi, koma amadziwa kumene ndinachokera. Kwathu kukasintha mtsogoleri, wamkulu amabwera ndi foni m'manja maso akuwala, kundifunsa ngati tsopano tipita. Sindimuseka, ndipo sindilola wina kumuseka. Ndimamuuza kuti mtsogoleriyo timuone kaye ntchito zake, pakuti amenewo amabwera n'kupita. Koma wina akadzamuuza kuti anthu a kwawo kwa amayi ake anabadwira kuphana, asadzadikire chisankho kuti amuyankhe.